Kukonza nyumba yakale ya kumudzi ndi mawindo ogwirapo kale ntchito: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri akafuna kudzutsa nyumba ya makolo kumidzi ya ku Zomba kuno, kaya ndi ku Chingale kuseri kwa phiri, ku Domasi, ku Thondwe, kapena kumunsi ku Jali ndi ku Mayaka. Ambiri mwa ofunsawo alibe ndalama zoti n'kumangira nyumba yatsopano, koma manja ali nawo, ndipo amva kuti m'tauni mumapezeka mawindo, zitseko ndi malata zochotsedwa pa nyumba zina. Ntchito imeneyi ndimaikonda, ndipo ndimamva chisoni ndikaona nyumba yoti ikanapulumuka ikusanduka bwinja chifukwa eni ake anayambira polakwika.

Nyumba yathu ndi yakalekale. Si bwino kungoigumula n'kumanga ina?

Musathamangire kugumula. Zungulirani nyumbayo m'mawa dzuwa lisanakwere, muyang'ane khoma lililonse mutaima pakona. Khoma lowongoka, ngakhale pulasitala wake atayoyoka, ndi chuma. Mangani mwala kunsonga ya chingwe, mugwire chingwecho pamwamba pa khoma: ngati khoma lapendekera kunja moti mwala ukulendewera kutali ndi tsinde lake, khoma limenelo ndi lofunika kuphwasula n'kumanganso. Komabe limakhala khoma limodzi kapena awiri, osati nyumba yonse.

Ming'alu nayo imasiyana. Waung'ono ngati ulusi, wongoyenda mu pulasitala, si woopsa. Woopsa ndi wodutsa khoma lonse, wotakata pamwamba kapena pansi, makamaka pakona. Matanipo kachidutswa ka galasi ndi simenti pang'ono, mudikire mwezi umodzi kapena iwiri. Galasi likasweka, dziwani kuti maziko akusunthabe, ndipo vuto lili pansi. Izi zimachitika kwambiri kudambo lozungulira Nyanja ya Chilwa, kumene dothi la makande limafufuma nthawi ya dzinja n'kung'ambika m'chilimwe.

Ndiyambire pati?

Yambani ndi madzi. Nyumba za kwathu kuno sizigwa ndi ukalamba, zimagwa ndi madzi ndi chiswe. Amene anayenda m'midzi chitangodutsa chimphepo cha Freddy mu March 2023, kapena madzi osefukira a mu January 2015, anaona okha kuti makoma ambiri anayamba kufewa m'tsinde, kenaka n'kukhala pansi denga likadali pamwamba. Zomba ndi dera la mvula yambiri, ndipo madzi otsika m'phiri amabwera ndi liwiro.

Choncho denga lisiye kaye kudontha. Kenaka kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba kuti madzi azipatuka asanafike pakhoma, mukwezenso khonde kuzungulira nyumba yonse, lotsetsereka pang'ono cha kunja. Mawindo, penti ndi pansi pa simenti zibwere pambuyo. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kuyamba ndi zooneka, kuti odutsa panjira aone kuti pakhomo pasintha, koma windo lokongola pa khoma lonyowa silikhalitsa.

Mawindo akale amapezeka kuti?

Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo m'tauni muli nyumba zambiri zakale zomwe eni ake akuzikonzanso. Munthu akachotsa mafelemu achitsulo kuti aike a aluminium, akale aja amaunjikidwa kuseri kwa nyumba kapena amapita kwa ogula zitsulo zakutha. Funsani amisiri omanga, owotcherera zitsulo a ku Chinamwali, ku Matawale ndi m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre, komanso akalipentala a pamsika. Iwowa ndi amene amamva msanga kuti kwakuti akugumula. Matchalitchi ndi mizikiti ikamakuzidwa imagulitsanso mawindo ake, kawirikawiri angapo ofanana, zomwe ndi mwayi waukulu.

Chenjezo limodzi, ndipo ndikulinena motsindika: gulani kwa mwini wake weniweni, ndipo akulembereni kapepala kosonyeza kuti wakugulitsani. Mafelemu ena oyenda usiku amakhala ozulidwa pa masukulu ndi nyumba zosamalizidwa. Kugula zoterezi n'kudziitanira apolisi, komanso n'kusiya ana a eni ake akuphunzira m'kalasi yolowa mphepo.

Ndidziwa bwanji kuti windo lakale likadali labwino?

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa wogulitsa amafuna muone kumaso kokha. Ligonekeni pansi pamalo osalala. Tengani chingwe muyeze kuchokera pakona ya kumanzere pamwamba kufika pakona ya kumanja pansi, kenaka muyeze mbali inayo mopingasa. Miyezo iwiriyo ikafanana, felemu ndi yowongoka. Ikasiyana kwambiri, felemuyo inapindika pozula, ndipo galasi silidzakhala bwino.

Pa felemu yachitsulo, yang'anani chitsulo cha pansi, pamene madzi amaima. Kandani ndi msomali. Dzimbiri lofiira longokhala pamwamba limachoka ndi bulashi ya waya, palibe vuto. Koma chitsulo chikamatekedzeka n'kumagwa timapalepale, kapena msomali ukaboola, mbali imeneyo yatha. Wowotcherera akhoza kudula n'kuikapo ina, koma mtengo utsike. Tsegulani ndi kutseka chitseko chilichonse cha windolo, muone mahinjesi ndi zogwirira. Onaninso ngati timapazi tachitsulo tolowa m'khoma tilipo, chifukwa ozula mothamanga amangotidula. Ngati palibe, awotchereni tina musananyamule, pakuti kumudzi kopanda magetsi simudzapeza makina owotcherera.

Pa felemu yathabwa, gogodani ndi chala kapena ndi mutu wa msomali. Thabwa lamoyo limalira mouma, lodyedwa ndi chiswe limalira ngati mulibe kanthu mkati, ndipo msomali umalowa osavuta. Yang'anani m'makona a pansi ndi kumbuyo komwe kunakhudza khoma. Mukapeza felemu ya mlombwa, ya mbawa kapena ya mkungudza wa ku Mulanje, musaisiye ngakhale ili yakuda ndi utsi. Mitengo imeneyi lero ndi yosowa, ndipo mukapala pang'ono ndi kampeni mudzaona mtundu wake ukutuluka, mkungudza n'kuyamba kununkhira ngati wadulidwa dzulo. Felemu yatsopano ya paini wosauma bwino singafanane nayo.

Kwa ine, mafelemu achitsulo akale ambiri ndi olemera ndiponso olimba kuposa otchipa owotcheredwa masiku ano. Anyamuleni onse awiri m'manja, mudzamva kusiyana kwake.

Ndiboole kaye khoma, kenaka ndikasake windo lokwanapo?

Ayi. Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Windo latsopano amapanga motsatira bowo, koma lakale bowo ndi limene limatsatira windo. Gulani kaye mawindo onse, afike pakhomo, muwatsuke, muwapake penti woteteza dzimbiri, wofiira uja wa red oxide, ndiye muyambe kulemba pakhoma ndi khala. Bowo likhale lokulirapo pang'ono kuposa felemu, ngati chala chimodzi mbali iliyonse.

Musanachotse njerwa ngakhale imodzi, ganizirani chimene chidzasenze khoma la pamwamba pa windo. Chimenechi ndi lintala. Chirikizani kaye mapaso ndi mitengo yoimika mkati ndi kunja. Boolani malo a lintala okha, mulowetse lintalayo, ikhale ndi pogona posachepera masentimita 20 mbali iliyonse ya bowo, muitsekere bwino, mudikire iume. Pamenepo m'pamene mungachotse njerwa za pansi pake, imodzi imodzi, kuyambira pamwamba. Osamenya ndi hamala yaikulu ngati mukugumula, chifukwa kugwedezako kumatsegula ming'alu kwina.

Felemu si lintala. Ndaonapo nyumba zambiri zimene njerwa zinangoikidwa pamwamba pa felemu yachitsulo. Chaka choyamba zimaoneka bwino, chachiwiri felemu yapindika, windo likukana kutsekeka, galasi lathetheka.

Siyaninso khoma lokwanira pakati pa windo ndi kona ya nyumba, masentimita 60 kapena kuposerapo, chimodzimodzinso pakati pa windo ndi chitseko. Mphamvu ya nyumba ili m'makona. Chivomerezi cha ku Karonga mu December 2009 chinasonyeza mmene makoma osalukana bwino m'makona amatsegukira, ndipo Zomba nayenso ali m'mphepete mwa chigwa chomwecho cha Shire ndi nyanja.

Nyumba yathu ndi ya zidina. Ingalandire windo lalikulu lachitsulo?

Ingathe, koma mosamala. Chidina n'cholimba chikauma, chofooka chikanyowa, ndipo sichigwira simenti. Njira yabwino n'kumanga m'mphepete mwa bowo ndi njerwa zowotcha, zolukana ndi zidinazo, kuti timapazi ta felemu tigwire mu njerwa. Pansi pa windo muike mzere wa njerwa zowotcha zopendekera kunja n'kutulukira pang'ono, kuti madzi otsika pagalasi azidonthera pansi osatsata khoma. Lintala ya thabwa lolimba imagwirizana bwino ndi zidina kuposa ya konkire yolemera.

Mawindo awiri apakatikati ndi abwino kuposa limodzi lalikulu kwambiri. Mukawaika moyang'anizana, mphepo imadutsa, ndipo anthu a ku Chingale ndi a kufupi ndi Chilwa, kumene mu October kumatentha mosasimbika, adzathokoza. A kumtunda kufupi ndi phiri aganizirenso za chiperoni cha mu June ndi July: windo la louvre lalikulu kuchipinda chogona limalowetsa kuzizira usiku wonse.

Nanga magalasi?

Gulani felemu ngakhale ilibe magalasi. Mawindo a timagawo ting'onoting'ono ali ndi ubwino woti odula magalasi amatha kukupatsani zidutswa zotsala pamtengo wotsika, ndipo mwana akaswa limodzi ndi mpira simulira kwambiri. Galasi la mamilimita 3 limakwana pa timagawo tating'ono, la 4 pa zikuluzikulu. Yezani gawo lililonse palokha, muchotsepo mamilimita awiri kapena atatu kuti galasi lisapanikizike. Putty wakale wouma, phala lija lomatira galasi ku felemu, achoke yense, ndipo magalasi aikidwe pomaliza, pulasitala atatha. Ndalama zikachepa, ikani kaye waya wa udzudzu. Kuno malungo ndi ambiri, ndipo wayayo ndi wofunika ngakhale magalasi atabwera.

Pali zakale zimene ndi zoopsa?

Zilipo ziwiri. Choyamba ndi asbestos, amene anafolera ndi kuika m'siling'i ya nyumba zambiri zakale za boma ndi za makampani. Amaoneka ngati malata a simenti otuwa. Fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda oopsa, kuphatikizapo khansa, patapita zaka zambiri. Ngakhale akupatseni ulele, akaneni. Osawadula, osawaboola, osawaswa kuti mukwirire pabwalo.

Chachiwiri ndi penti wakale, amene nthawi zambiri amakhala ndi mtovu, ndipo mtovu umaononga ubongo wa ana. Palani mafelemu panja, mutanyowetsa pentiyo, mutatseka pakamwa ndi mphuno, ana ali kutali. Zopalidwazo muzisonkhanitse, zisamwazike pamene nkhuku zimatola. Felemu yathabwa yopentedwa isakhale nkhuni zophikira.

Malata akale ndi oyenera kugula?

Ena inde. Nambala ya geji ikakhala yaing'ono, lata ndi lokhuthala: geji 28 ndi yolimba kuposa 30 kapena 32. Malata akale ambiri ndi okhuthala, ndipo lakale la geji 28 lopanda dzimbiri lingapose latsopano lopyapyala longa pepala. Liimikeni pa dzuwa, inu muime kumthunzi kwake, mabowo onse adzaoneka. Mabowo a misomali pamwamba pa mizere si vuto, mukhoza kukhomanso momwemo kapena kumata ndi phula. Mabowo a dzimbiri m'tinjira ta madzi ndiwo oipa. Malata otero apite pa khitchini, pa bafa kapena pa khola la mbuzi, abwino apite pamwamba pa zipinda zogona. Ngati kunsonga kwadyeka, dulani, ndipo polumikiza lata lapamwamba lipitirire lapansi ndi masentimita 15 kapena kuposerapo.

Misomali yokha gulani yatsopano, ya zisoti ija. Msomali wowongoledwa sugwira denga.

Denga lathu linasasukapo ndi mphepo. Titani kuti zisachitikenso?

Miyala ndi njerwa pamwamba pa malata si yankho, zikagwa zimavulaza anthu. Denga limangiriridwe kukhoma. Dutsitsani waya wokhuthala wopota kawiri m'khoma, mizere inayi kapena isanu ya njerwa kuchokera pamwamba, muzengereze pa thabwa logona pakhoma ndi pa phaso lililonse. M'mphepete mwa denga ndi pamsonga khomani misomali pafupipafupi, chifukwa mphepo imayambira pamenepo. Malata atulukire kunja kwa khoma pafupifupi theka la mita kuti mvula isamamenye khoma, koma osapitirira kwambiri popanda nsanamira.

Chiswe ndithana nacho bwanji?

Chiswe chimachokera m'nthaka ndipo chimakonda mdima ndi chinyontho. Thabwa lililonse lisakhudze dothi. Nsanamira za khonde zikhale pamwamba pa mwala kapena pa kachipilala ka njerwa. Pakani matabwa ndi mapaso a bulugamu mankhwala oteteza monga Solignum musanakhome, makamaka kunsonga zodulidwa ndi kumbuyo kwa mafelemu kumene simudzafikakonso. Ambiri amapaka oyilo wakuda wochoka m'galimoto. Amathandiza ndithu pa mitengo ya panja, koma asatayikire pansi pafupi ndi chitsime, ndipo m'chipinda chogona fungo lake silitha msanga. Nkhuni musaunjike mogundana ndi khoma. Mwezi uliwonse zungulirani nyumba, mukaona kanjira ka dothi kakukwera khoma, kaphwanyeni n'kutsata kumene kachokera.

Mukagula matabwa atsopano a paini ochokera m'phiri, sungani lisiti lake. Nkhalango ya Zomba ndi Malosa ndi yotetezedwa, ndipo a zankhalango amafunsa mapepala panjira.

Njerwa za nyumba yogumuka zingagwirenso ntchito?

Kwambiri, makamaka ngati zinamangidwa ndi dothi, chifukwa zimasiyana mosavuta. Gundanitsani ziwiri: zolira bwino ndi zakupsa, zolira mofooka zipite ku mpanda. Ziviikeni m'madzi musanamange kuti zisamwe madzi a m'matope. Zoswekasweka musataye, muzitsendere pansi pa simenti ya m'nyumba. Njerwa iliyonse yogwiritsidwanso ntchito ndi nkhuni zimene sizinalowe mu uvuni, ndipo aliyense woyang'ana mapiri athu akuona mmene ametedwera. N'chifukwa chake boma mu 2018 linaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za malonda.

Ndinapaka simenti pa khoma la zidina koma anatukuka n'kugwa. Chinalakwika n'chiyani?

Simenti ndi wouma gwa, pamene dothi limapuma, kumwa chinyontho ndi kuchitulutsa. Ziwirizi zikakumana popanda chozigwirizanitsa, madzi amabisala kumbuyo kwa pulasitala, chidina chimafewa, pulasitala n'kugwa chigamba chonse. Pa zidina matani dothi losakaniza ndi mchenga, likauma mupake laimu kawiri kapena katatu. Amayi amene amazira nyumba chaka ndi chaka amadziwa kale dothi lomata bwino m'mudzi mwanu, afunseni. Simenti asungidwire tsinde la khoma, mpaka m'mawondo, pamene madontho a padenga amathovukira, ndipo pamenepo khomani kaye waya wa nkhuku kuti agwire.

Pa njerwa zowotcha, muyezo umodzi wa simenti pa miyezo isanu ndi umodzi ya mchenga umakwana. Mchenga ukhale wosefa, wopanda matope. Thirirani madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu. Thumba la simenti la makilogalamu 50 limaonongeka pachabe ngati simuthirira.

Nthawi yabwino yogwira ntchitoyi ndi iti?

Mukangokolola, kuyambira May. Ndalama za fodya kapena mpunga zimakhala zili m'manja, anthu a ganyu ali omasuka, madzi akadalipo m'zitsime. Ntchito zofuna madzi ambiri zithe September asanafike, pamene pamjigo pamakhala mzere wa ndowa. Denga likhale litatha pofika chizimalupsa. Kusasula nyumba mu November n'kuputa tsoka.

Simukakamizidwa kumaliza chaka chimodzi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha: chaka chino denga ndi ngalande, chaka chamawa mawindo, kenaka pansi.

Ndi ziti zimene ndingachite ndekha, ndi ziti zofuna mmisiri?

Kupala dzimbiri, kupenta, kutsuka njerwa, kukumba ngalande, kumata, kupaka laimu, kuika magalasi, zonsezi banja lingachite lokha. Kuika lintala, kumanganso kona ndi kukhoma denga, itanani mmisiri wodziwa, inu mukhale womuthandiza, ndipo muphunzira zambiri. Mugwirizane mtengo pa ntchito iliyonse payokha, mboni ilipo, ndipo mulipire ntchito ikamatha. Muuzenitu kuti zipangizo ndi zakale, chifukwa zimadya nthawi, ndipo amisiri ena sazifuna. Za magetsi musakhudze, ndipo mawaya akale ozulidwa m'nyumba zina musawagule.

Nyumbayi ili kumudzi kwa akazi anga. Ndingaikepo ndalama zanga?

Funso ili limabwera monong'ona, koma ndi lalikulu. Madera ambiri a Zomba, kaya ndi pakati pa Ayao, Alomwe kapena Amang'anja, amatsata chikamwini, ndipo malo amayenda kuchikazi. Mkamwini akakonza nyumba, akukonzera mkazi ndi ana ake, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Chofunika n'kukambirana ntchito isanayambe. Khalani pansi ndi amalume a akazi anu, amene ali mwini mbumba, pamodzi ndi alongo ndi abale ena, zimveke kuti nyumbayo ndi ya yani. Ngati inali ya malemu agogo ndipo ana ake alipo angapo, a mfumu adziwe zimene mwagwirizana, ndipo zilembedwe. Nyumba yodontha palibe amene amailimbirana, mikangano imayamba malata akawala.

Mawindo anga ndi osiyanasiyana kukula. Anthu sadzandiseka?

Pali njira yowagwirizanitsa. Mitu ya mawindo onse ndi ya zitseko ikhale pa mzere umodzi, kusiyana kukhale kumunsi. Kokani chingwe kuzungulira nyumba, kapena gwiritsani ntchito kapaipi koonekera mkati kothira madzi, kuti mzerewo ukhale wofanana mbali zonse. Awiri ofanana aikeni kumaso, aang'ono apite ku chipinda chosungira katundu ndi ku bafa. Kenaka onse apakeni penti wa mtundu umodzi. Pa khoma loyera ndi laimu, mafelemu obiriwira kapena abuluu amaoneka ngati anabadwira pamodzi.

Ndinyamule bwanji kuchokera m'tauni?

Chotsani magalasi a louvre, muwakulunge m'makatoni kapena m'chitenje chakale, muwanyamule pamiyendo. Mafelemu aimirire chammbali, omangidwa pamodzi ndi linya, makatoni ali pakati, osawagoneka pansi pa matumba a simenti m'galimoto ya matola. Pa njinga ya kabaza pakwere felemu imodzi kapena ziwiri zazing'ono basi, chifukwa misewu yafumbi ya ku Chingale ndi ya ku Kachulu imagwedeza katundu mpaka zowotcherera kuthothoka. Kapepala kogulira kaja kakhale m'thumba la malaya, kuti mukafunsidwa pa rodibuloko musachedwe. Mukafika, asungeni m'nyumba pamalo ouma, atatsamira khoma, pansi mutaika matabwa awiri.